Udzudzu ndi Umodzi, Kapoperedwe N'kosiyana: South Africa ndi Malawi

Ku Cape Town kulibe malungo. Munthu atha kugona zenera lili chitsegulire ku Bellville, ku Capricorn kapena ku Imizamo Yethu, udzudzu n'kumulirira m'khutu usiku wonse, koma m'mawa amangodzuka ndi totupa toyabwa basi. Mitundu ya udzudzu yofalitsa malungo sikhazikika kum'mwera kuno, komwe mvula imagwa m'miyezi yozizira ya Juni ndi Julayi. Komabe Januwale akafika, zipatala za mumzindawu zimalandira anthu akunjenjemera, mutu ukugunda, thupi lonse likuphwanya, ndipo akawayeza magazi amawapeza ndi malungo. Ena mwa iwo ndi anzathu a ku Mangochi, ku Nkhata Bay ndi ku Nkhotakota amene anakadyera Khirisimasi kumudzi, n'kubwera nawo matendawo pa basi kudzera ku Mwanza, ku Tete ndi ku Beitbridge.

Zikatere timamva wina akuti, "Ku Joni kuno n'kolemera, n'chifukwa chake kulibe malungo." Mawuwa ndi oona pang'ono chabe. Mzinda wa Cape Town unapulumutsidwa ndi nyengo yake. Koma ku Durban, m'minda ya nzimbe ya ku Natal ndi m'madera ena oyandikira Pretoria kunali malungo oopsa kale, ndipo anachita kuwathamangitsa. Lero atsalira cha kumalire ndi Zimbabwe ndi Mozambique, m'zigawo zitatu za Limpopo, Mpumalanga ndi KwaZulu-Natal. Chida chachikulu chimene anawathamangitsira ndi chomwe chija anthu a ku Nkhotakota akuchidziwa bwino: munthu wovala ovololo, magolovesi ndi chophimba kumaso, pampu ili paphewa, akupopera zipupa za m'nyumba. Mayiko awiriwa agwira chida chimodzi polimbana ndi udzudzu umodzi, koma aphula zosiyana. Mmene ndikuonera ine, pamene asiyana kwambiri ndi pa kalendala ndi pa thumba lolipira.

Kuti nkhani ya kalendala imveke, tione kaye mmene kupopera kumagwirira ntchito. Udzudzu woluma ndi waukazi, wa mtundu wa Anopheles, ndipo umaluma usiku. Ukakhuta magazi umalemedwa, ndiye umakatera pakhoma, kudenga kapena kuseri kwa kabati kuti upume. Ngati munthu amene waumwa magaziyo anali ndi malungo, tizirombo timatenga masiku 10 mpaka 14 m'thupi mwa udzudzuwo tisanakhwime ndi kufika m'malovu ake. M'masiku amenewa umaluma kangapo, n'kutera pakhoma kangaponso. Khoma likakhala ndi mankhwala, umafa tizirombo tija tisanakhwime. Choncho wopindula kwenikweni si amene walumidwa usiku uno, koma mwana wa pakhomo lina amene akanalumidwa ndi udzudzu womwewo pakatha sabata ziwiri. N'chifukwa chake akatswiri amafuna kuti nyumba zosachepera 80 pa 100 zilizonse za m'dera zipoperedwe. Banja limodzi likapopera lokha m'mudzi wonse, laphula zochepa kwambiri.

Mankhwalawo amasuluka. DDT amatha miyezi 6 kapena kuposerapo ali ndi mphamvu pakhoma ladothi. A gulu la pyrethroid amatha miyezi 3 mpaka 6. Ena amafooka msanga kuposa apa. Mayi akamata khoma kapena bambo akapaka laimu pokonzekera Khirisimasi, mphamvuyo imakwiririka tsiku lomwelo. Zili ngati denga laudzu: kufolera bwino chaka chino sikuchotsa ntchito ya chaka chamawa, ndipo wofolera mu Febuluwale wafolera ufa utanyowa kale. Kupopera kuyenera kutha mvula isanakhazikike, ndipo kuyenera kubweranso chaka chotsatira pa nthawi yomweyo.

Anthu a ku South Africa anaphunzira zimenezi maliro ali m'nyumba. Mu 1932 mliri wa malungo unapha anthu oposa 22,000 ku Natal ndi ku Zululand, ndipo ntchito m'minda ya nzimbe inaima chifukwa antchito anali gone. M'zaka zomwezo Dr Park Ross ndi katswiri wa udzudzu Botha de Meillon anayesa kupopera m'nyumba mankhwala a pyrethrum, ochokera ku maluwa, osakaniza ndi palafini. Ankapha udzudzu ndithu, koma mphamvu yake sinkakhalitsa, moti opopera ankayenera kubwerera sabata iliyonse. Mu 1946 kunabwera DDT, ndipo ntchito ya sabata ndi sabata inasanduka ya chaka ndi chaka. Kuyambira pamenepo boma la tsankho lalamulira n'kugwa, la Nelson Mandela lalowa, nduna za zaumoyo zasinthana, koma chakumapeto kwa nyengo yawo yozizira, cha mu Seputembala, magulu a opopera amatuluka ku Vhembe, ku Mopani, ku Bushbuckridge, ku Nkomazi ndi ku Jozini. Malipiro awo ndi mankhwala awo zimachokera m'bajeti ya dziko lawo. Ndiponso kuyambira 1956 lamulo limati aliyense wopezeka ndi malungo alembedwe ku boma, ndipo azaumoyo amalondola kumene wodwalayo anawatenga.

Udzudzu wina woopsa kwambiri, wotchedwa Anopheles funestus, unazimiririka m'dzikomo chifukwa cha khama limeneli. Udzudzu umenewu umaswana m'madambo osaphwa, umakonda magazi a munthu kuposa a ng'ombe, ndipo umagona m'nyumba, choncho khoma lamankhwala linaupeza mosavuta.

Koma pasakhale woganiza kuti kusunga kalendala kokha n'kokwanira. Mu 1996 dziko la South Africa linasiya DDT n'kuyamba deltamethrin, wa gulu la pyrethroid. Zifukwa zake zinali zomveka: DDT sawola msanga m'chilengedwe, ofufuza ankamupeza mu mkaka wa m'mawere wa amayi a m'nyumba zopoperedwa, ankasiya zoyera pakhoma, ndipo anthu ankadandaula kuti nsikidzi zikuchuluka. Opopera anapitiriza kubwera pa nthawi yake ngati kale. Chimene palibe anachiona msanga n'chakuti funestus wa kum'mwera kwa Mozambique anali atasiya kumva pyrethroid, ndipo anawoloka malire n'kubwerera. Nthawi yomweyo mankhwala a malungo a Fansidar anali atayamba kulephera kuchiza, kenako madzi osefukira a mu 2000 anawonjezera moto. Chaka chimenecho anthu oposa 60,000 anadwala malungo m'dzikomo, oposa 400 anamwalira, ndipo oposa 40,000 mwa odwalawo anali a ku KwaZulu-Natal kokha.

Ofufuza, mwa iwo Maureen Coetzee wa ku Johannesburg, atagwira udzudzuwo m'nyumba zopoperedwa n'kutsimikiza kuti sukufa, boma silinazengereze. Mu 2000 DDT anabwerera pa nyumba zadothi, ndipo mu Januwale 2001 chigawo cha KwaZulu-Natal chinayamba kupereka Coartem, mankhwala amene kwathu timati LA ndipo tinayamba kuwalandira kumapeto kwa 2007. Amene anatsogolera kuwerengetsa zotsatira zake ndi Pulofesa Karen Barnes wa pa University of Cape Town, mumzinda wopanda malungo womwe uno. Iye ndi anzake anapeza kuti m'chaka chimodzi chokha ogonekedwa ndi omwalira ndi malungo m'zipatala zimene ankaziunika anatsika ndi 89 pa 100. Pofika 2002 odwala m'chigawo chonsecho sanakwane 3,000. Sitinganene kuti ndi DDT yekha anachita izi, kapena Coartem yekha, zinafika pamodzi. Chimene chimandigwira mtima n'chakuti mankhwala atalephera, gulu la opopera, magalimoto ake ndi bajeti yake zinalipo chilili. Anangosintha zothira m'pampu.

Kwathu mbiri yake ndi yaifupi komanso yodukaduka. Kupopera kwa masiku ano kunayamba mu 2007 m'dera lina la boma la Nkhotakota, pa nyumba zosakwana 30,000, ndi ndalama za boma la America kudzera ku President's Malaria Initiative, imene ambiri amangoti PMI. Mankhwala ake anali a pyrethroid, otsika mtengo. Anthu anaona kusintha, ndipo mu 2010 ntchito inakula kufika m'maboma 7 a m'mbali mwa nyanja ndi m'chigwa cha Shire: Karonga, Nkhata Bay, Nkhotakota, Salima, Mangochi, Chikwawa ndi Nsanje. Chaka chomwecho ofufuza a ku Johannesburg omwe aja analengeza kuti funestus wa pa chilumba cha Likoma nayenso sakumva pyrethroid. Tsoka limene linagwera KwaZulu-Natal linali litatipeza.

Apa ndi pamene njira ziwirizi zinapatukana. Ku Nkhotakota ndi ku Salima anasinthira ku Actellic, koma mtundu umene unalipo nthawiyo unali wodula kwambiri ndipo mphamvu yake pakhoma inkatha pakangopita miyezi iwiri kapena itatu, mvula ikadali mkati. Pofika 2012 a PMI anaimitsa thandizo lawo pa kupopera. Boma linayesa kupitiriza m'malo ochepa, koma ndalama ndi mankhwala zinkabwera modumphadumpha. Ku Nkhotakota anadikira mpaka 2018, pamene kupopera kunayambiranso ndi Actellic wa mtundu watsopano wokhalitsa, pa nyumba zoposa 100,000. Ku Mangochi kunayambiranso mu 2019 ndi ndalama za Global Fund kudzera ku World Vision, ndipo Balaka ndi Nkhata Bay anatsatira mu 2020. Mwana wobadwira m'dera lija la ku Nkhotakota mu 2007 anayamba moyo m'nyumba yopoperedwa, anayamba sukulu m'nyumba yosapoperedwa, ndipo anadzaonanso opopera ali kale m'makalasi apamwamba a pulayimale.

Kodi kuleka ndi kuyambiranso kuli ndi vuto lanji, poti zaka zimene anapopera anthu anapulumuka ndithu? Anapulumuka, ndipo zimenezo si zochepa. Koma munthu wokulira kumalo a malungo ambiri amapeza chitetezo china m'thupi mwake chifukwa chodwala mobwerezabwereza; amadwalabe, koma kawirikawiri matendawo samugwetseratu. Malungo akachepa kwa zaka zingapo, chitetezocho chimafooka, ndipo ana obadwa m'zaka zimenezo sachipeza n'komwe. Kupopera kukaleka, udzudzu umachuluka m'nyengo imodzi yokha ya mvula n'kupeza anthu osakonzeka. Ku Sri Lanka anatsala ndi odwala 17 okha mu 1963, analeka kupopera, ndipo pofika 1969 odwala anapitirira 500,000. Dzikolo linachita kuyambiranso ntchito, mpaka bungwe la WHO linadzalengeza mu 2016 kuti malungo atha. Kumpoto kwa Uganda anasiya kupopera m'maboma 10 mu 2014, ndipo mu 2015 zipatala zinasefukira. Ofufuza ena mu 2012 anasonkhanitsa nkhani 75 za malungo obwereranso m'mayiko 61, ndipo anapeza kuti pa 68 mwa nkhanizo ntchito yolimbana ndi malungo inali itafooka, nthawi zambiri chifukwa cha ndalama.

Ngakhale ku South Africa komweko phunziroli limabwerezedwa akangotayirira. Mu 1999 dzikolo linagwirizana ndi Mozambique ndi Swaziland pa ntchito ya Lubombo, yopopera m'chigawo cha Maputo kuti malungo achepere komwe amachokera. Anachepadi kwambiri mbali zonse za malire. Ntchitoyo inadalira ndalama zakunja, inatha mu 2011, ndipo malungo anayambanso kukwera kum'mwera kwa Mozambique. Mu 2017 mvula inachuluka, kunatentha, kupopera sikunafike nyumba zokwanira m'madera ena, ndipo odwala m'dziko la South Africa anayandikira 30,000, ambiri a iwo ku Limpopo.

Tsopano tinene mbali imene kuyerekezaku kungalakwire Malawi. Ku South Africa anthu okhala kumalo a malungo ndi pafupifupi 10 pa 100 aliwonse, ndipo ali kumapeto kwenikweni kwa dera limene malungo amafika mu Africa. Nyengo yake imayamba cha mu Seputembala n'kutha mu Meyi, kenako kuzizira kumathandiza kupha udzudzu, moti kupopera kamodzi pachaka kumakwanira. Kwathu aliyense ali pachiopsezo, kuyambira ku Chitipa mpaka ku Nsanje, ndipo m'mbali mwa nyanja ndi m'chigwa cha Shire malungo sapita kutchuthi. Mankhwala a miyezi inayi amasiya miyezi yambiri khoma lili lopanda kanthu. Mtengo wopopera nyumba za dziko lonse chaka ndi chaka ndi mankhwala atsopano, monga Actellic, SumiShield kapena Fludora Fusion, chuma chathu sichingaunyamule. Amene anganene kuti tingotengera za ku Joni sanawerenge bwino.

N'chifukwa chake dziko lathu linatsamira pa masikito, amene South Africa sagawa mwaunyinji. Neti imodzi imawerengeredwa zaka zitatu, ngakhale kuti pamphasa ndi pa bango imang'ambika nthawiyo isanakwane, ndipo kuteteza munthu mmodzi ndi neti n'kotchipa kangapo kuposa kumupoperera. Unduna wa Zaumoyo unagawa masikito mwaunyinji mu 2012, 2016, 2018 ndi 2021, ndipo m'magawo aposachedwa munalowa maneti a mankhwala owonjezera olimbana ndi udzudzu wosamva pyrethroid. Zipatso zake zilipo. Kafukufuku wa boma anapeza tizirombo ta malungo mwa ana 43 pa 100 osakwana zaka zisanu mu 2010, mwa ana 24 mu 2017, ndi mwa ana pafupifupi 10 mu 2021. Pa 23 Epulo 2019 Malawi linakhala dziko loyamba padziko lonse kuyamba kupereka katemera wa malungo kwa ana kusikelo. Dziko limene lachita zimenezi silinakhale manja lende.

Neti ili ndi kufooka kwake. Imafuna kuti munthu aikumbukire usiku uliwonse, ngakhale mu Okutobala ku Nchalo pamene mpweya wa m'nyumba umachita kuwotcha. Zina zimathera kunyanja kokokera usipa, zina kudimba kotchingira mbewu. Khoma lopoperedwa silifuna kukumbukiridwa. Likangolandira mankhwala, limagwira ntchito eni ake ali m'tulo, ataledzera kapena ali kumaliro. Koma limafuna tsiku limodzi lovuta: kutulutsa ufa, madzi, ziwiya ndi zofunda panja pamaso pa mudzi wonse, kudikira maola awiri, kutsegula mazenera, kusesa mphemvu zakufa n'kukazitaya m'chimbudzi kuti nkhuku zisadye. Ena amakana chifukwa cha fungo, ena chifukwa cha nsikidzi zimene zimatuluka m'ming'alu zikamva mankhwala, ena chifukwa cha mphekesera zoti mankhwalawo amafooketsa abambo m'nyumba, zimene zilibe umboni. Ena amangochita manyazi kuti anthu aone umphawi wa katundu wawo, ndipo chifukwa chimenechi sichinenedwa pamsonkhano wa amfumu. Okana aliponso ku Limpopo, makamaka a nyumba zapenti. Komatu kumene opopera amabwera chaka ndi chaka anthu amazolowera, pamene kumene amabwera n'kusowa zaka 6, alangizi a zaumoyo ndi mafumu amayambanso pachiyambi kunyengerera khomo lililonse. Amene anaphunzitsidwa kupopera amakhala atabalalika, ena ali konkuno ku Cape Town akugwira ntchito m'magadeni.

Zonsezi zikutibweretsa pa thumba. Kalendala ya ku Vhembe imalembedwa ndi amene amatolera msonkho wa dzikolo. Ya ku Nkhotakota inkalembedwa ndi a PMI ku Washington, ndipo ya ku Mangochi ndi a Global Fund ku Geneva. Sindikunyoza opereka thandizo. Popanda iwo manda a ana akanachuluka. Koma mu Januwale 2025 boma la America linaimitsa mwadzidzidzi thandizo lake lakunja, ndipo bungwe la USAID, limene linkayendetsa PMI, linathetsedwa chaka chomwecho. Mvula sinadikire kuti nkhaniyo ithe. Atsogoleri a mu Africa analonjeza ku Abuja mu 2001 kuti adzaika 15 pa 100 ya bajeti zawo ku zaumoyo, ndipo dziko lathu lakhala likuperewera pa mlingo umenewu. Chitsanzo cha kupopera kosadukiza tili nacho pakhomo pomwe: eni minda ya nzimbe ku Dwangwa ndi ku Nchalo akhala akupopera nyumba za antchito awo kwa zaka zambiri, chifukwa amadziwa mtengo wa tsiku limene wodula nzimbe wagona.

Chigamulo changa n'chakuti Malawi asatengere kukula kwa ntchito ya South Africa, koma atengere kukhazikika kwake. Walira mvula walira matope: boma likasankha kupopera, lasankhanso kulipira chaka chamawa ndi chinacho. Kuli bwino kusankha maboma awiri kapena atatu a malungo ochuluka, kuwalembera mzere wawo m'bajeti, kugula mankhwala pofika Julayi, ndi kumaliza kupopera mvula yoyamba isanakhazikike, kusiyana ndi kuyamba maboma 7 n'kuwasiya panjira. Akatswiri a udzudzu tili nawo, monga a ku Malaria Alert Centre ku Blantyre. Apatsidwe zoyezera chaka ndi chaka kuti mankhwala azisinthidwa udzudzu usanawazolowere, poti za 1996 zinaonetsa kuti pampu yobwera pa nthawi yake ndi mankhwala akufa ntchito sipulumutsa munthu. Ndipo ngati kuleka sikungapeweke, boma lisaleke mwakachetechete. Maneti atsopano, zoyezera magazi ndi LA zifike m'zipatala za m'deralo nyengo ya mvula isanayambe, ndipo anthu auzidwe poyera kuti chaka chino opopera sabwera.

Kwa inu abale amene muli ku Cape Town, nkhani ya chitetezo chofooka ija ikukukhudzani mwachindunji. Mukakhala kuno zaka zingapo osalumidwa ndi udzudzu wa malungo, thupi lanu silikhalanso lija munachoka nalo kumudzi, ndipo ana anu obadwira kuno alibiretu chitetezo chilichonse. Musanakwere basi ya Disembala, pitani ku kiliniki kapena ku famase mukafunse za mankhwala oteteza ku malungo, ndipo mukafika kumudzi muzigona m'neti ngakhale achibale akusekeni kuti mwasanduka azungu. Mukamatumiza ndalama ya laimu ndi penti, auzeni amayi kuti akongoletse nyumba opopera asanabwere, ndipo akabwera awatsegulire chitseko. Mukabwerera kuno n'kumva kutentha thupi, kuzizidwa kapena mutu, ngakhale patapita sabata zingapo, musati ndi chimfine cha mphepo ya kunyanja. Pitani kuchipatala tsiku lomwelo, muwauze anamwino kuti mwangochokera ku Malawi, ndipo mupemphe kuti akuyezeni malungo.